Dzenje Limene Sindinakumbe

Za chaka musandifunse. Zaka zinanditayikira m'njira ngati chimanga cha m'thumba lobooka, ndipo sindinabwerere kukatola. Chimene chinatsala ndi m'mawa umodzi wa m'chilimwe, ndili mnyamata wongoyamba kumera ndevu, nditagona pamphasa nkhope italoza kukhoma, ndikumva makasu akugundana panja.

Dzulo lake kunali kutamwalira aDzoole, mkulu wa kuseri kwa nyumba yathu. Kwathu maliro akagwa, amuna a mabanja ena ndiwo amakumba manda, ndipo timawatcha adzukulu. Lero iwe ukumbira a mnzako, mawa mnzakoyo akumbira ako. Tsiku limenelo linali langa loyamba kuitanidwa.

Mlongo wanga Enifa, amene anandilera makolo athu atapita, anandigwedeza ndi phazi.

"Dzuka. Anzako anyamuka."

"Mutu, achemwali."

"Mutu womwewo dzulo unali kumpira ukugunda chikopa. Dzuka, usandichititse manyazi."

Sindinadzuke. Sunali mutu, komanso sikunali kukonda tulo. Ndili wamng'ono ndinasuzumirapo m'dzenje la mayi athu asanawatsitsiremo, ndipo ndinaona kuti dzenje limakoka. Lili ndi mpweya wake wozizira umene umamugwira munthu m'mawondo. Zimenezi sindinauzepo aliyense. Ndinangotembenuka pamphasapo, uku ndi uku, mpaka makasu aja anazimirira kutali.

Masana kunabwera aChimkwita, mkulu wa adzukulu, miyendo ili psuu ndi katondo. M'manja anali ndi bango, longa limene amayezera wakufa kuti adziwe kutalika kwa dzenje. Anakana mpando, anakana madzi.

"Odwala aja ali kuti?"

"Ali m'nyumbamu, bambo," anayankha Enifa atagwada.

"Asatuluke, ingawaombe mphepo." Ankalankhula mofatsa ngati akufunsa za mbewu. "Ungowauza kuti ife sitikwiya. Koma tsiku limene maliro adzagwe pakhomo pano, tidzabwera ndi makasu athu, tidzalemba malire a dzenje, kenaka tidzakhala pansi pamthunzi. Waulesi adzakumba yekha, ife tikuonerera."

Bango lija analisiya litatsamira khoma.

Pakhomo pathu tinalipo awiri. Ine ndinali wamng'ono ndi wamphamvu, Enifa anali wamkulu ndipo ankavutika ndi chifuwa. Ndinaona msanga kuti bangolo ndi lake. Ndinamuona m'maganizo atagona m'nyumba tsiku lachiwiri, lachitatu, amayi a pasiwa atayamba kuphimba mphuno ndi zitenje, amuna atakhala pamthunzi, ine nditaima pa mizere inayi mawondo atagwidwa.

Aphunzitsi athu a kumishoni ankakonda nzeru za Aheberi akale. Ankati anthu amenewo waulesi ankamutuma kukaphunzira kwa nyerere, ndipo kuti wopinda manja umphawi umamufikira ngati wachifwamba. Mawu amenewo ndinawamwa ngati mankhwala. Ndinati ndipite kutali, ndikagwire ntchito mpaka dzina la waulesi lindichoke, manja alimbe, mantha aphwe. Pobwera ndidzakumba dzenje lililonse, ngakhale ndekha. Enifa ndinamuuza kuti ndibwera mvula ikayamba. Sindinanene kuti mvula yake iti.

Ndinayambira pa esiteti ya fodya, kumene mizere inkathera m'mitambo. Kumeneko ndinaphunzira kuthyola masamba apansi asanapse ndi dzuwa, kuwasoka, ndi kuwapachika m'chigafa motalikirana kuti mphepo idutse. Ndinkafika kumunda mame asanagwedezedwe ndi munthu. Kapitawo, mwamuna wa diso limodzi lofiira, ankandiloza ndi ndodo pofuna kunyoza anzanga.

"Taonani uyu. Uyu ndiye munthu. Inu enanu anakuberekani masana, amayi anu akuwodzera."

Anzanga anandida, ine ndinakondwera. Tsiku lina mmodzi wa mumzere wathu anagwa chafufumimba pakati pa fodya, osadzukanso. Analibe wachibale kumeneko. Anzanga anasiya ntchito kukamuika kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Ine ndinatsala m'chigafa ndikusoka, nditanena kuti fodya wothyola kale sadikira munthu. Zinali zoona. Kapitawo anandipatsa jekete yake yakale.

M'mawa mwake ndinapeza pakhomo pa chigafa patalembedwa. Mizere inayi yokanda ndi nsonga ya khasu, ngodya zake zowongoka bwino, ndipo m'litali mwake munagona bango. Ndinafufuta ndi phazi. Ndinasesa ndi nthambi. Dzuwa litakwera mizere ija inabwerera, monga chipsera chimaonekera bwino munthu akasamba. Anzanga ankapondapo ndi mitolo yawo osaona kanthu. Ndinachoka sabata yomweyo, jekete ndinaisiya pamsomali.

Ndinayenda. Ndinadutsa midzi imene agalu ake sauwa mlendo, ndi timatauni ta msewu umodzi, chigayo chimodzi ndi wamisala mmodzi. Kwina ndinacheka matabwa, kwina ndinasenza matumba pasiteshoni, ndipo konseko ankanditama. M'tauni ina ya m'mphepete mwa dambo ndinapeza mkazi woumba njerwa, dzina lake Delifa, wa mikono ngati mwamuna ndi pakamwa posatopa. Iyeyo ndiye anandiphunzitsa kuponda dothi mpaka lileke kulira, kuliponya m'chikombole kamodzi kokha, ndi kusanja uvuni wosiya njira za moto. Tinakwatirana popanda mwambo wambiri.

Wokumba dothi ndinali ine. Koma dzenje likafika m'mawondo ndinkatuluka n'kuyamba lina pambali.

"Bambo, dothi labwino lili pansi," ankatero Delifa. "Mwalibowola dambo lonse ngati nkhuku yofuna mphutsi. Mukuopa chiyani, mukumana ndi apongozi anu pansipo?"

"Lapamwamba limauma msanga."

"Inu simusowa yankho. Mukanakhala loya bwenzi ndende zili pululu."

Makalata a Enifa ankandipeza kulikonse, kaya ankadziwa bwanji. Ankalembetsa kwa ana a sukulu, choncho zilembo zinkasintha koma mawu anali ake. Ine chaka chilichonse ndinkamutumizira bulangete. Iye ankayankha kuti: Bulangete lafika. Ndili nawo anayi tsopano, thupi ndili nalo limodzi. Kwa aDzoole kunagwanso maliro, ndinakaphika. Mvula yayamba kuno, kaya kwanuko.

Uthenga wa imfa ya mayi ake a Delifa unafika tsiku limene tinayatsa uvuni. Uvuni ukayaka sufuna kusiyidwa. Moto ukazima pakati, njerwa zimatuluka zosapsa, ntchito ya miyezi iwiri n'kusungunuka ndi mvula yoyamba. Zimenezi n'zoona, ndipo ndinazinena. Delifa anamanga duku, kenaka anapita yekha.

Njerwa zinapsa bwino kuposa kale lonse. Atabwera, patapita masabata awiri, anatola imodzi naigogoda ndi chala, ndipo inalira ngati belu.

"Zapsa," anatero. "Kumudzi anandifunsa kuti mkamwini ali kuti. Ndinati ndinakwatiwa ndi khasu, khasu lake losankha dothi." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi katundu wanga atamumanga kale. "Aulesi ogona ndawaona ambiri, bambo. Waulesi wothamanga ndamuonera pa inu."

Mizere inali pabwalo, pakati pa khomo ndi njira, bango litagona m'litali mwake. Ulendo uno panali china. Pansi pa mtengo wa mango udzu unali utagona m'malo asanu ndi limodzi, mozungulira, monga umagonera pamene pakhala anthu nthawi yaitali. Ndinatola bango lija. Ndinati popeza likunditsata, bola ndiziyenda nalo m'manja kusiyana n'kumalipeza m'mawa. Linakhala ndodo yanga.

Anthu anandiuza kuti kumwera, kumigodi, munthu wa manja ngati anga sagona ndi njala. Ndinawoloka mitsinje iwiri ikuluikulu. Nditafika pakamwa pa mgodi ndinaona chikepe chikumeza amuna makumi awiri n'kubwerera chopanda kanthu, ndipo ndinatembenuka osalembetsa dzina. Ndinakathera mumzinda wozizira wa nyumba zosanja, kumene anthu amapatsana moni ndi chibwano. Mumsewu wina wopapatiza munali shopu yosokera nsapato ya nkhalamba ya Chiyuda, dzina lake Mendeli, wa mtundu wa Aheberi aja a aphunzitsi athu. Anayang'ana manja anga, osati nkhope, n'kundilozera mpando.

Kwa iyeyo ndinakhala nthawi yaitali kuposa kwina kulikonse. Ndinaphunzira kudula chikopa motsata kumene chimatanukira, kupaka ulusi phula, ndi kudziwa mayendedwe a munthu poona kumene chidendene chake chadyeka. Kuseri kwa shopu kunali mabuku a anthu amene anamwalira ana awo osawafuna. Ndinawerenga onse: za mafumu, za nyenyezi, za nkhondo za anthu amene sanamvepo dzina la dziko lathu. Ndinafika poti m'busa aliyense ndinkatha kumusowetsa chonena. Imvi zinandimera ndili pampando womwewo, koma Mendeli ankanditchabe mwana wake.

Loweruka lililonse ankatseka shopu, osakhudza ngakhale singano. Ine ndinkalowera khomo la kuseri n'kumagwira ntchito mwakachetechete. Loweruka lina anandipeza.

"Ukuchita chiyani?"

"Nsapato za adokotala aja, bwana. Paja anzeru a kwanu anati munthu aphunzire kwa nyerere."

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kukhala pa bokosi.

"Nyerere. Sindinaonepo bwana wosadziwa za nyerere. Onse amaikonda, chifukwa siyankha. Koma amene anakuphunzitsayo anakuuza za waulesi mwini wakeyo? Iwe umayesa ndi munthu wa tulo. Ayi, mwana wanga, ndi munthu wa mantha. Ukamutuma amati panjira pali mkango. Ndipo sanama, amauonadi, ndi mano ake omwe. Ukamutsutsa, amakuyankha bwino kuposa bwalo lonse la akuluakulu."

"Ine dzuwa silinandipezepo pamphasa."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndimakuopa. Chitsiru chaulesi chimawononga munda umodzi, wake womwewo. Chitsiru chakhama chimafika kutali." Anandilanda nsapato ija n'kuiika pansi. "Ntchito imene anakutuma ndi iti? Sindikunena izi ukugwirazi. Imene anakutuma."

Ndinayang'ana bango langa pakona. Iye analiyang'ananso, ndipo ndikhulupirira kuti mwa anthu onse amene ndinakumana nawo, ndi yekhayo amene anaona kuti si ndodo.

Anamwalira nthawi yozizira. Ndinatsatira maliro ake chapatali mpaka kumanda a anthu a mtundu wake. Ndinkayembekeza kuona antchito olembedwa, monga amachitira olemera a mumzinda umenewo. Koma amuna ovala masuti akuda, madokotala ndi eni masitolo, ankatenga fosholo mmodzimmodzi n'kumakwirira okha. Dothi linkagunda pa matabwa osapenta, gu, gu, kulira kwake komwe kuja kwa kwathu. Mwana wake wamkulu anandiona. Anandikodola, n'kuloza fosholo imene inali itazikidwa pamulu.

Ndinayenda mapazi atatu. Mpweya uja unandipeza, unandigwira m'mawondo. Ndinagwedeza mutu ngati ndikupepesa, ndinatembenuka, ndinabwerera kushopu. Kumeneko ndinamaliza nsapato zonse zimene zinali pa shelefu, ndi za anthu amene anaziiwala kalekale zomwe.

Nditadzutsa mutu, mizere inali m'kati mwa shopu, itakandidwa pa simenti. Sindinaone munthu, koma m'mbali mwa khoma ndinamva wina akununkhiza fodya wa m'mphuno, wina akutsokomola, wina akusuntha mwendo umene wachita dzanzi. Sankalankhula. Anthu odziwa kudikira salankhula.

Kalata yomaliza inabwera masiku omwewo, ndipo mawu ake sanali a Enifa. Inati: Mayi aja sakudya. Akuti musatumize bulangete.

Kwathu ndinakupeza kutasamuka, kutangosiya dzina. Ine ndinali nditakusunga zaka zonsezo monga ndinakusiyira, ndi mthunzi wa m'njira ya kumtsinje, ndi nkhunda za pa denga la mishoni, ndipo palibe anandiuza kuti ndikusunga mtembo. Mitengo inapita kumakala. Mtsinje unasanduka njira ya mchenga. Pamene panali bwalo la mpira panali timagolosale tosanjikizana, tonse togulitsa sopo yemweyo, ndipo anyamata a njinga zamoto ankandiitana kuti madala, tikusiyeni kuti. Palibe anandifunsa kuti ndine mwana wa yani. Mitengo inatsala kumanda kokha, kachitsamba kobiriwira pakati pa dziko lometedwa mpala.

Pa sitolo ina ndinagula khasu latsopano, utoto ukadali pa chitsulo. Ndisanafike kunyumba ndinamva kulira kwa amayi, ndipo ndinaona masamba atayalidwa panjira. Enifa anali atatsirizika dzulo lake dzuwa likupendeka.

Sindinalowe pasiwa. Ndinalunjika kumanda, khasu paphewa, bango m'manja. Ndinkadziwa chimene ndikapeze: mizere inayi, nthaka ya chilimwe youma gwa, ndi amuna pamthunzi.

Ndinamva nyimbo ndisanalowe m'mitengo. Dothi linali kuuluka. Amuna anali ambiri kuposa amene ndinawaonapo pa manda alionse, ena m'dzenje, ena atazungulira akukanganirana khasu. Woyang'anira anali nkhalamba yopanda mano akutsogolo, ndipo ndinaizindikira ndi makutu: Ziyenda, mwana wa aChimkwita, amene tinkagunda naye mpira.

"Tikupatseni moni, alendo," anatero. "Mwasochera? Msewu wa kutauni uli uko."

"Ndine mlongo wake."

"Mlongo wake? Enifa anali ndi mlongo? Ife timayesa anali ndi sitolo ya mabulangete."

Amuna anaseka, monga adzukulu amasekera pamanda, pamene ena onse saloledwa kuseka. Ziyenda anandiyandikira, anandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Ndiwe. Mutu uja unapola?"

"Ndabwera kudzakumba. Bambo ako ananena kuti..."

"Bambo ali apo, pansi pa mkuyu. Zimene ananena ndikuzidziwa, anandisiyira pamodzi ndi khasu ili. Koma lakolo ika pansi, lingathimbirire. Wachibale sakumba, kapena kumene unaliko anakuiwalitsa? Mayi uyu zaka zonsezi sanaphonyepo siwa ngakhale imodzi. Watunga madzi, waphika, wasambitsa mitembo imene eni ake ankaithawa. Taona, amuna a midzi itatu akulimbirana dzenje lake. Iwe ukufuna umulande ulemu wake lero?"

Ndinaima ndi khasu langa latsopano. Manja amene ndinawakonzekeretsa moyo wanga wonse analendewera ngati a munthu wina. Pamenepo ndinaona pa mulu wa dothi bango limene anamuyezera Enifa. Linali lalifupi. Ndinali nditaiwala kuti mlongo wanga anali munthu wamfupi, woti pofuna kundimenya khofi ankayamba wandikhazika pansi.

Ziyenda anaona kumene ndinkayang'ana. Anandilanda bango langa m'manja, analigoneka pambali pa linzake. Langa linapitirira ndi mkono wathunthu. Analitola, anazungulira kumbuyo kwanga n'kuliimika kumsana kwanga ngati telala. Ndinamva nsonga yake ikukhudza paliwombo, ndendende.

"Pakhomo panu munali awiri," anatero, mofatsa ngati bambo ake. "Watsala mmodzi. Tsono vuto lake n'lakuti ameneyo akadzagona, wokumba yekha uja sadzadzuka. Tsiku limenelo mutu udzakhala ukumupwetekadi."

Palibe anaseka.

Enifa tinamuika masana, anthu atadzaza mpaka kunja kwa mitengo. Anamukulunga m'nsalu yake yakale ya Mvano, monga analamulira yekha. Ine anandikhazika kutsogolo pa mpando, ndipo anthu ankabwera kudzandigwira dzanja akuyang'ana kumbali.

Ndinatsala m'nyumba mwake. Mizere inali pabwalo, pafupi ndi nkhokwe, ndipo tsopano sindinali ndekha woiona. Amayi obwera kudzatenga miphika yawo ankailambalala. Nkhuku zomwe sizinkapalasapo. Ndinkakhala pakhonde n'kumadziona nditagona m'nyumbamo tsiku lachiwiri, lachitatu, popanda ngakhale wophimba mphuno, chitseko chili pululu, agalu akuyandikira pang'onopang'ono.

Patapita masiku, kutsidya kwa mchenga uja kunamwalira munthu amene sindinkamudziwa, mkamwini wochokera kutali, wogulitsa tomato. M'mawa ndinamva makasu akugundana panjira. Panalibe wondigwedeza ndi phazi. Ndinagona nkhope italoza kukhoma, ndipo mayankho anabwera okha, ali pamzere. Ndine wokalamba, ndipo okalamba salowa m'dzenje. Ndili ndi nyamakazi. Ndikadali pa maliro a mlongo wanga. Munthuyo sindinadyepo naye. Onse anali oona, panalibe limodzi labodza. Ndinawamvetsera mpaka kumapeto, monga umamvetserera mnzako wakalekale amene ukudziwa kuti wakhala akukubera, kenaka ndinafunafuna nsapato.

"Odwala afika," anatero Ziyenda nditalowa m'mitengo.

Sanandipatse malo. Ndinaima pambali dzuwa likukwera, amuna akusinthana, dzenje likupitirira mawondo, chiuno, mapewa, mpaka wokumba analeka kuoneka, kumangooneka dothi likutuluka. Pamenepo Ziyenda anawomba m'manja.

"Tulukamo iwe. Kwatsala kachipinda ka m'mbali, kogonamo mwini wake. Tili ndi katswiri pano, wayenda maiko." Anandipatsa khasu la mpini waufupi. "Lowa."

Amuna awiri anandigwira m'mikono n'kunditsitsa. Mpweya uja unandilandira m'mawondo, unakwera m'mimba, unafika pachifuwa. Ndili mwana sindinaname: dzenje limakoka. Mapazi atagunda pansi miyendo inakana kundinyamula, ndipo ndinagwada, osati mwaulemu. Popeza ndinali nditagwada kale, ndinayamba kukumba.

Manja ankadziwa. Ankadziwa kumene dothi limatanukira, ankadziwa kusalaza ngodya. Ndinasema khoma la m'mbali pang'onopang'ono. Kuti ndifike kumapeto kwa kachipindako ndinayenera kulowamo chogona, phewa likukhuza denga lake. Munali chete wa mtundu wina, wonenepa, ndipo munkandikwana bwino. Ndinachotsa timiyala tonse pamene padzakhale mutu wa wogulitsa tomato uja.

Nditatuluka chokwawa ndinazindikira kuti nyimbo yaleka. Ndinayang'ana kumwamba. Kunali thambo la ngodya zinayi, loyera, lopanda nkhope ya munthu ngakhale imodzi.

Ndinadikira. Ndinayesa kukwera, koma makoma anali osalala, ndipo dothi limene ndinagwira linandigumukira kumaso. Ndinayesanso pakona, ndinagwa chagada. Ndinamvetsera. Kutali pang'ono wina ankanunkhiza fodya, wina anatsokomola. Anali atakhala pansi.

Zaka zonse zija sindinapemphepo munthu kanthu. Ndinkanyada nazo. Tsopano ndinatsegula pakamwa.

"Anzanga," ndinatero, koma mawuwo sanafike ndi pakati pa khoma pomwe.

Ndinameza dothi limene linali m'kamwa.

"Ndikokeni."

"Mwamvako kanthu?" Anali mawu a Ziyenda.

"Mphepo imeneyo, akulu," anayankha wina.

"Ndikokeni, chonde. Ndili pansi pano. Sindingathe kutuluka ndekha."

Panapita kanthawi kotalika ngati ulendo wanga wonse. Kenaka pa thambo paja panatulukira mutu wa mwamuna amene sindinkamudziwa, akutafuna nzimbe. Anagona chafufumimba, anatsitsa mkono. Dzanja lake linali lofunda ndi lomata madzi a nzimbe. Anandikoka kamodzi kokha.

"Koma madala, simulemera konse," anatero. Anandilanda khasu m'manja, analavulira m'zikhatho, n'kudumphira m'dzenjemo kukaona ntchito yanga. Mawu ake anamveka kuchokera pansi: "Akulu, bwerani mudzaone. Muno munthu akhoza kuikamo sofa."

Amuna anaseka. Ziyenda anandipatsa chikho cha madzi, ndipo theka linatayikira pa malaya anga. Ndinadikira kuti ena atalikire.

"Nanga langa?" ndinafunsa.

"Limodzi lokhali wayamba kale kufunsa?" Anatenga chikho chake n'kuchikutumula. "Za lako tidzaona. Kuseri kwa chigayo kuli gogo wina akupuma movutika, sabata ino satha. Khasu usaliike patali."

Ndinati ndamva. Mawondo anali akunjenjemerabe, ndipo ndinadziwa kuti tsiku limenelo adzanjenjemeranso.